Kuyeza liwiro la kuyaka kwa Linux ndi BSD: momwe mungafanizire popanda kudzinamiza

Mukafunsa kuti pakati pa masisitimu oyendetsa kompyuta monga Debian, Fedora, Arch, Alpine, Void ndi FreeBSD imayaka msanga ndi iti, mayankho amabwera ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sangaikidwe pamodzi. Wina amayamba kuwerenga masekondi atangodina batani, wina amayambira pamene kernel, yomwe ndi mtima wa sisitimu, yadzuka. Wina amaimitsa wotchi akaona polemba dzina, wina amadikira mpaka desktop yonse itakhazikika. Nkhani yagona pamenepo: poyambira ndi pothera pakhale pamodzimodzi kwa masisitimu onse, ndipo wotchi yoweruza ikhale kunja kwa kompyuta yomwe ikuyesedwayo.

Zimene zimachitika mukadina batani

Choyamba kudzuka ndi firmware, pulogalamu yobwera ndi makinawo, yomwe ndi UEFI kapena BIOS pa makina akale. Imayang'ana RAM, madisiki ndi zonse zolumikizidwa, kenako n'kupereka mpata kwa bootloader, monga GRUB, systemd-boot kapena loader ya FreeBSD. Bootloader imakweza kernel mu RAM, ndipo pa Linux zambiri imakwezanso initramfs, kafayilo konyamula madalaiva ofunika kuti disiki yeniyeni ipezeke. Disiki ikapezeka, pulogalamu ya init imayatsa masevisi: netiweki, malogi, SSH (njira yolowera mu kompyuta muli pa kompyuta ina), mawu, ndi malo olowera.

Gawo la firmware si la sisitimu iliyonse, ndi la makinawo. Koma pa makompyuta ena ndi lomwe limadya nthawi yambiri kuposa magawo ena onse, choncho muyenera kulidziwa kuti muzilichotsa powerengera.

Pa init ndi pomwe masisitimu amasiyana kwambiri. systemd inatuluka mu 2010, Fedora 15 inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2011, Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 zinatsatira mu 2015, ndipo systemd imayatsa masevisi ambiri nthawi imodzi. Alpine ndi Gentoo zili ndi OpenRC, yomwe imayatsa imodzi imodzi pokhapokha mutalemba rc_parallel="YES" mu /etc/rc.conf. Void ili ndi runit. FreeBSD imayendetsa masikiripiti a mu /etc/rc.d motsatana, malinga ndi dongosolo lomwe rcorder yakonza. Musafulumire kuganiza kuti yoyatsa zambiri nthawi imodzi ndiyo imapambana. Alpine imayatsa motsatana, koma zoyatsazo n'zochepa kwambiri moti mzerewo umatha msanga.

Sankhani pothera

Ikani malire awiri, ndipo muziyeza onse. Oyamba ndi pamene munthu angalowe kudzera pa SSH n'kuyendetsa lamulo. Achiwiri, ngati pali desktop, ndi pamene yatseguka ndipo disiki yasiya kutanganidwa.

Mu 2008, pa msonkhano wa Linux Plumbers Conference, Arjan van de Ven ndi Auke Kok a ku Intel anaonetsa Linux ikuyaka m'masekondi 5 pa kalaputopu ka Asus Eee PC. Iwo ankati kuyaka kwatha pokhapokha purosesa ndi disiki zapuma. Mlingo umenewo ndi wabwino mpaka lero, chifukwa kuonetsa desktop msanga pamene kuseri ntchito ikadali yambiri n'kosavuta. Chithunzi chimaoneka, mukadina bulawuza kompyuta n'kungokhala duu.

Kukonza makina

Gwiritsani ntchito kompyuta imodzi ndi disiki imodzi. Njira yoyera ndiyo kuika sisitimu imodzi, kuiyeza, kufufuta, n'kuika ina. Imatenga nthawi koma imachotsa zokayikitsa zambiri. Ngati mwasankha kuika onse pa disiki imodzi m'magawo osiyana, dziwani kuti pa disiki yozungulira ija gawo loyambirira limawerengeka mwachangu kuposa lakumapeto, chifukwa lili kunja kwa mbale komwe mutu wowerenga umadutsa malo aakulu pa kuzungulira kumodzi. Sisitimu yomwe mwaika kumapeto idzaoneka yaulesi pomwe vuto ndi malo. Pa SSD nkhawa imeneyi palibe.

Musayeze sisitimu yoyakira pa fulashi. Mafayilo ake amakhala opanikizidwa mu squashfs, ndipo chomwe mungayeze ndi liwiro la fulashiyo.

Mu firmware musasinthe kanthu kuyambira muyeso woyamba mpaka womaliza. Fast Boot ndi Secure Boot zikhale momwemo. Popeza FreeBSD, OpenBSD ndi Linux zina siziyaka mwachindunji Secure Boot ili yoyatsa, ndi bwino kuithimitsiratu kwa onse. Ikani disiki yanu pamwamba pa mndandanda wa zoyakira, ndipo thimitsani kuyakira pa netiweki, chifukwa firmware imatha kudikira yankho lomwe silidzabwera. Zulani mafulashi, pulinta ndi madisiki akunja. Laputopu ikhale pa chaja nthawi zonse, poti pa batire purosesa imatha kuchepetsa liwiro. Netiweki ikhale ya waya. Wi-Fi imalumikiza mosiyanasiyana tsiku lililonse ndipo imasokoneza manambala.

Muyeso uliwonse uyambire pa kompyuta yothimitsidwiratu, osati reboot. Pa reboot firmware imadumpha zina. Makina a DDR5 nawo nthawi zina amayamba ayesa RAM kwa nthawi yaitali sikirini ili yakuda, makamaka magetsi akazulidwa kapena mukasintha kanthu mu firmware. Muyeso umene zachitika zimenezo utayeni.

Tsopano kudikira kwa bootloader, komwe anthu ambiri amaiwala. Debian imadikira masekondi 5 pa menyu ya GRUB, FreeBSD imadikira 10, OpenBSD imadikira 5. Ikani sekondi imodzi pa onse, kuti mukhalebe ndi mpata wolowa mu menyu zinthu zikavuta. Pa GRUB lembani GRUB_TIMEOUT=1 mu /etc/default/grub, kenako yendetsani update-grub pa Debian ndi Ubuntu, grub2-mkconfig -o /boot/grub2/grub.cfg pa Fedora, kapena grub-mkconfig -o /boot/grub/grub.cfg pa Arch. Mukangosintha fayilo osayendetsa lamuloli, palibe chisinthe. Pa systemd-boot ndi mzere wa timeout 1 mu loader.conf. Pa FreeBSD ndi autoboot_delay="1" mu /boot/loader.conf, pa OpenBSD ndi set timeout 1 mu /etc/boot.conf.

Kutseka disiki ndi pasiwedi kukhale kwa onse kapena kusakhale kwa aliyense. Pa Linux, pulogalamu ya cryptsetup imakonza dala kuti kutsegula disiki yotsekedwa ndi njira ya LUKS kutenge pafupifupi masekondi 2 kuti wongoyesa mapasiwedi atope, ndipo pamwamba pake pali nthawi ya zala zanu. Poyeza, kusatseka n'kosavuta. Desktop nayo ikhale yofanana: GNOME ya Fedora ifanizidwe ndi GNOME ya Debian, osati ndi Xfce. Kuti muyeze popanda desktop pa systemd, yendetsani systemctl set-default multi-user.target, ndipo pobwerera ndi graphical.target.

Wotchi yakunja

Foni ndiyo chida chabwino koposa pano. Iimikeni poti chala chodina batani ndi sikirini zizioneka zonse, jambulani vidiyo ya mafelemu 60 pa sekondi, kenako muziyendetsa felemu ndi felemu. Felemu imodzi ndi pafupifupi mamilisekondi 17, zomwe dzanja logwira wotchi silingafikeko. Kuti desktop itseguke yokha, yatsani kulowa kopanda pasiwedi. Pa GDM, polowera pa GNOME, ndi mizere iwiri, AutomaticLoginEnable=true ndi AutomaticLogin= kutsatiridwa ndi dzina, mu /etc/gdm3/daemon.conf pa Debian, /etc/gdm3/custom.conf pa Ubuntu, kapena /etc/gdm/custom.conf pa Fedora.

Malire a SSH amafuna kompyuta yachiwiri. Patsani makina oyesedwawo adiresi yokhazikika pa rauta, konzani kulowa ndi kiyi, lembani mzere uwu, ndipo dinani Enter nthawi imodzi ndi batani loyatsira:

`t0=$(date +%s.%N); until ssh -o ConnectTimeout=1 -o BatchMode=yes woyeza@192.168.1.50 true 2>/dev/null; do sleep 0.1; done; echo "$(date +%s.%N) - $t0" | bc`

Yankho likhoza kupitirira ndi pafupifupi sekondi imodzi chifukwa cha ConnectTimeout, koma kupitirirako n'kofanana kwa onse. Tasankha kulowa kwenikweni m'malo mongoona ngati poti 22, khomo la SSH pa netiweki, yatseguka pa chifukwa ichi: kuyambira pa Ubuntu 22.10, systemd ndiyo imayamba kumvetsera pa poti imeneyi sshd, pulogalamu ya SSH, isanadzuke, ndiye poti imatha kuyankha pomwe kulowa sikunatheke. Lowaninso ngati munthu wamba, osati root, yemwe ali ndi ulamuliro wonse pa sisitimu, chifukwa systemd imatsekereza anthu wamba ndi fayilo ya /run/nologin mpaka kuyaka kutafika poyenera.

Msampha wina ndi wakuti sisitimu iliyonse yatsopano imapanga makiyi ake a SSH. Kompyuta yachiwiri ikaona kiyi yachilendo pa adiresi yomweyo imakana, ndipo mzere uja uzingozungulira osatha, osanena kanthu. Mukasintha sisitimu, yendetsani ssh-keygen -R 192.168.1.50 n'kulowa kamodzi pamanja musanayambe kuyeza.

Wotchi yamkati

Yakunja imakuuzani amene wapambana, yamkati imakuuzani chifukwa chake. Pa systemd lamulo ndi systemd-analyze, ndipo yankho limaoneka chonchi, manambalawa ndi ongopereka chitsanzo:

`Startup finished in 7.2s (firmware) + 1.4s (loader) + 1.9s (kernel) + 2.1s (initrd) + 6.0s (userspace) = 18.6s`

Pa masekondi 18.6 amenewo, 7.2 ndi a makina ndipo pafupifupi sekondi imodzi ndi yomwe munaika pa menyu. Gawo lomwe mungayamikire kapena kudzudzulira sisitimu ndi lotsalalo. Firmware ndi loader zimaoneka kawirikawiri pa makina a UEFI okha. Gawo la initrd limaoneka padera pokhapokha systemd ikugwira ntchito mkati mwa initramfs, monga pa Fedora. Pa Debian nthawi imeneyo imalowa mu nambala ya kernel. Munthu wosadziwa izi akhoza kulemba kuti kernel ya Debian ndi yochedwa, pomwe wafanizira zinthu ziwiri ndi chimodzi. Phatikizani kernel ndi initrd musanafanizire.

Lamulo la systemd-analyze likakana n'kunena kuti kuyaka sikunathe, systemctl list-jobs ikuonetsani sevisi yomwe yakakamira. Ndipo simukuyenera kulemba pamanja muyeso uliwonse: ngati foda ya /var/log/journal ilipo, journalctl _PID=1 | grep "Startup finished" imatulutsa mizere ya kuyaka konse kwam'mbuyo.

systemd-analyze blame ndi lamulo lomwe lasocheretsa anthu ambiri. Limandandalika masevisi kuyambira otenga nthawi yaitali, ndipo maso amathamangira wapamwambayo. Koma masevisi amayaka limodzi, choncho wotenga masekondi 8 sanachedwetse kanthu ngati palibe amene amamudikira. plymouth-quit-wait.service imakonda kukhala pamwamba, pomwe ntchito yake ndi kungodikira kuti chithunzi cha poyaka chichoke. Masevisi a Type=simple amaoneka ngati satenga nthawi, chifukwa systemd imawawerengera kuti ayaka ikangowayambitsa, kaya ali okonzeka kaya ayi. Funsani systemd-analyze critical-chain m'malo mwake. Imaonetsa unyolo wa amene anadikira mnzake: nambala ya @ ndi nthawi imene sevisi inayaka, ya + ndi yomwe inatenga. Pofuna kuona zonse m'chithunzi, systemd-analyze plot > kuyaka.svg imapanga fayilo yotsegula ndi bulawuza.

Pa Linux yopanda systemd, nambala yoyamba ya mu /proc/uptime ndi masekondi kuyambira pamene kernel inadzuka. Pa Alpine pangani fayilo /etc/local.d/yeza.start yokhala ndi mzere cat /proc/uptime >> /var/log/kuyaka.log, ipatseni chilolezo ndi chmod +x, kenako rc-update add local default. Pa Void chenjerani: /etc/rc.local imayendetsedwa masevisi a runit asanayambe, ndiye nambala yake imaoneka yaing'ono mokopa. Pa FreeBSD namonso /etc/rc.local imabwera sshd isanayake, ndipo rcorder /etc/rc.d/* ikuonetsani malo ake pa mzere. Kumeneko nthawi yomwe kernel inadzuka ili mu sysctl kern.boottime. Ofuna kulowa mozama angamange kernel ya FreeBSD yokhala ndi TSLOG, chida chomwe Colin Percival analemba posaka pomwe nthawi imatayikira.

Pa desktop iliyonse ya Linux, kafayilo ka .desktop mu ~/.config/autostart koyendetsa lamulo lomweli la /proc/uptime kamapereka nambala yofanizika pa masisitimu onse, kaya init ndi iti. dmesg nayo ili ndi nthawi kumanzere kwa mzere uliwonse. Sakani pomwe nambala yadumpha kwambiri, ndipo mukawonjezera initcall_debug pa mzere wa kernel muona dalaiva amene wachedwetsa.

Kangati?

Kuyaka katatu koyamba musakuwerengere. Sisitimu yatsopano imapanga makiyi a SSH ndi makeshi a mafonti ndi malaibulale, Ubuntu imakhazikitsa ma snap ake, ndipo makina okhala ndi chitetezo cha SELinux nthawi zina amayika zizindikiro pa mafayilo onse n'kuyakanso okha. Zimenezi sizichitika tsiku ndi tsiku. Ikani ma update onse musanayambe ndipo musakhudzenso kanthu mpaka mutamaliza, chifukwa kernel yatsopano imatha kuchititsa mapulogalamu monga akmods kapena DKMS kumanga dalaiva pa kuyaka kotsatira.

Kenako yezani ka 11, ndandalikani kuyambira nambala yaing'ono, tengani yachisanu ndi chimodzi, yomwe ili pakati. Avereji imakokedwa ndi muyeso umodzi woipa, pomwe yapakatiyi sigwedezeka. Lembaninso yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri. Ngati sisitimu imodzi yokha ikusinthasintha ndi masekondi 2, ndipo yasiyana ndi inzake ndi theka la sekondi, palibe wapambana. Lembani kuti zafanana.

Manambala okayikitsa

Sisitimu ikachedwa ndi masekondi ozungulira bwino monga 30, 90 kapena 120, sikuti ikugwira ntchito. Ikudikira chinthu chomwe kulibe mpaka nthawi yoikidwa itatha.

Masekondi 90 ndi omwe systemd imadikira disiki yolembedwa mu /etc/fstab, ndipo pa sikirini pamaoneka "A start job is running for dev-disk-by" ndi 1min 30s. Izi zimagwera kwambiri anthu oika masisitimu angapo pa disiki imodzi. Pulogalamu yoikira sisitimu yachiwiri imafomatanso gawo la swap (malo a pa disiki othandiza RAM), UUID yake, nambala yolizindikirira, n'kusintha, ndipo sisitimu yoyamba imatsala ikusaka UUID yakale. Yendetsani blkid, fanizirani ndi fstab, konzani. Pa Debian ndi Ubuntu yang'ananinso /etc/initramfs-tools/conf.d/resume, chifukwa UUID yakale ikatsala mmenemo initramfs imadikira pafupifupi theka la mphindi kenako n'kulemba "Gave up waiting for suspend/resume device". Mukakonza, yendetsani update-initramfs -u. Njira yopewera zonsezi ndiyo kupatsa sisitimu iliyonse swap yakeyake ya fayilo.

Masekondi 120 ndi a systemd-networkd-wait-online, kawirikawiri ikudikira khadi ya netiweki yomwe waya wake sunalumikizidwe. NetworkManager-wait-online imachita zofanana. Musangothamangira kuithimitsa: ngati pali foda ya pa netiweki yomwe imalumikizidwa poyaka, kudikirako kuli ndi ntchito. Masekondi 30 pa menyu ya GRUB ya Ubuntu amatanthauza kuti kuyaka kwapitako sikunathe bwino, mwina munathimitsa pogwira batani, ndipo muyeso umenewo utayeni. Pa FreeBSD, defaultroute_delay imadikira mpaka masekondi 30 ngati DHCP, yopereka adiresi pa netiweki, sinayankhe. Pa kernel za Linux zakale kuposa 5.4, makina opanda kiyibodi ankatha kuima kaye kudikira manambala osalosereka. Chizindikiro chake ndi mzere wa "crng init done" wobwera mochedwa mu dmesg.

initramfs nayo imasiyanitsa. Debian imaika madalaiva ochuluka ndi MODULES=most mu /etc/initramfs-tools/initramfs.conf kuti disiki iyake pa makina alionse, pomwe dracut ya Fedora ndi mkinitcpio ya Arch zimasankha a makina omwe zilipo. ls -lh /boot ikuonetsani kusiyana kwa kukula. MODULES=dep imachepetsa fayiloyo, phindu lake limaoneka pa disiki yozungulira koma pa NVMe ndi lochepa, ndipo disikiyo mukaisamutsira ku kompyuta ina ikhoza kukana kuyaka.

Kuchedwa kwina n'kwadala, ndipo n'kwabwino. OpenBSD imasanjanso malaibulale ofunika pa kuyaka kulikonse, mudzaona "reordering libraries" pa sikirini, ndipo kuyambira pa 6.2 mu 2017 imalumikizanso kernel yatsopano yoti idzagwire ntchito pa kuyaka kotsatira. Cholinga n'choti wofuna kuthyola asadziwiretu pomwe chinthu chili mu RAM. Fedora imakweza malamulo a SELinux, Ubuntu ndi Debian a AppArmor. Kuthimitsa zimenezi kuti nambala ichepe ndi kuyeza sisitimu yomwe simungafune kuigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake timalimbikitsa zotsatira ziwiri: za sisitimu momwe imabwerera, ndi za pamene mwafananitsa masevisi, kusiya netiweki, SSH ndi malogi basi. Zoyamba zimathandiza wosankha choika pa laputopu, zachiwiri zimaonetsa kusiyana kwenikweni kwa kernel ndi init.

Pa makina oyerekezera

QEMU ndi KVM, zomwe zimayendetsa kompyuta yoyerekezera mkati mwa kompyuta yaikulu, zimafewetsa ntchito, poti simufufuta disiki. Patsani onse mapurosesa ofanana, RAM yofanana ndi disiki ya virtio. Vuto lalikulu ndi keshi ya kompyuta yaikulu: fayilo ya disiki ikawerengedwa kamodzi imatsala mu RAM, ndipo kuyaka kotsatira kumakhala kwachangu mwabodza. Ikani cache=none pa disikiyo, kapena musanayeze yendetsani sync kenako echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches ngati root pa kompyuta yaikuluyo. Zotsatirazi zimanena za makina oyerekezera okha. Mulibe khadi yeniyeni ya zithunzi, Wi-Fi kapena Bluetooth, zomwe pa laputopu zimadya gawo looneka la nthawi ya kernel.

Pambali pa nambala iliyonse lembani mtundu wa purosesa, kukula kwa RAM, mtundu wa disiki, vesheni ya firmware, yankho la uname -r, fayilosisitimu monga ext4, Btrfs, UFS kapena ZFS, desktop, ndi masevisi oyatsidwa. Mndandanda wa maseviziwo mumaupeza ndi systemctl list-unit-files --state=enabled pa systemd, rc-update show pa OpenRC, ls /var/service pa Void, service -e pa FreeBSD ndi rcctl ls on pa OpenBSD.